Miyala ya Pamanda a Mabhoko

Amene anatilakwira ndi Sivert Aurdal, mzungu wa ku Norway, ndipo amene anamuthandiza ndi mkulu wanga Sikhotha, wa bere limodzi ndi ine. Zinachitika mvula yoyamba ya chaka cha 1882, pa zitunda za kummwera kwa mtsinje wa Mzimkhulu. Wolakwiridwa weniweni ndi bambo athu, a Mabhoko Mavundla, amene anali asanakwanitse chaka ali m'manda.

Tsiku limene zinaululika, amayi anamulanda Sikhotha chipanda cha chambiko ali pafupi kuthira m'mbale.

"Bweza."

"Amayi, ndachokera kuntchito. Chidyere dzulo."

"Ndati bweza. Chambiko sitidya ndi mlendo."

Kwathu mlendo mumamupatsa nyama, mumamupatsa mowa, koma chambiko amadya a pabanja okha. Sikhotha anamva bwino lomwe zimene amayi ankanena. Mkazi wake MaCele, amene ankapera mapira pakhomo, analeka kupera.

"Ndalakwanji?"

"Funsa mphwako. Ndabeni, muuze zimene waona."

Ndinamuuza. M'mawa umenewo ndinakwera kumabwinja athu kukafuna mwana wa ng'ombe wosochera. Khola lakale kunalibe, zichiri zonse anazula. Kumtunda kwa khola, pamene tinaika bambo n'kuunjikapo miyala, panali dothi lokhalokha lotembenuzidwa ndi pulawo. Miyala ndinaipeza kumalire a munda, itasanjidwa bwinobwino kukhala khoma lofika m'chiuno. Mwala wakuda wophwatalala wa kumutu, umene ine ndi Sikhotha tinaunyamula kuchokera kumtsinje, unali pansi penipeni utasenza inzake.

"Achimwene, mwala uja munthu mmodzi saunyamula," ndinatero. "Mzungu anagwira mbali imodzi. Mbali inayo anagwira ndani?"

Sikhotha anayang'ana mbale yopanda kanthu ija.

"Ndinafika atayamba kale. Iye ndi mkazi wake anali atatuta theka."

"Ndiye iwe unamaliza theka linalo," anatero amayi.

"Mukanafuna nditani? Ndimumenye? Anthu aja samva chinenero chathu, samva ngakhale Chingerezi chimene uyu anakachilawa kumishoni n'kuchisiyira panjira. Ndinaloza pansi. Ndinagona chagada pamanda pomwepo n'kutsinzina, kuti aone kuti pali munthu. Anaseka. Ankayesa ndatopa, mpaka anandipatsa madzi."

"Madziwo unamwa?"

Sikhotha anakankhira mbale ija kumbali.

"Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu," anatero amayi. "Taona mmene wanenepera khosi."

"Nyozani, amayi, koma tikugona m'khwawa muno chifukwa cha mapewa angawa. Malo anonso ali m'malire ake. Tsiku limene ndidzaleke kumugwirira ntchito tonse tidzasenza mphasa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

"Khoswe wako wakhala pa bambo ako."

Zaka zimenezo nyanja inkangosanza anthu. Anayamba Angerezi, kenako Majeremani, kenako Amwenye odzadula nzimbe. A ku Norway anatsika pamathiriro a Mzimkhulu chisanu chitangotha, mabanja ambirimbiri, ndi mabokosi ojambulidwa maluwa ndi ana a tsitsi ngati ndevu za chimanga. Boma linali litadula kale zitunda zathu m'zigawo n'kutitsitsira ife m'makwawa. Alendowo anachita maere m'chipewa kuti aliyense adziwe chigawo chake. Aurdal anapisa dzanja n'kutulutsa bambo athu. Akuluakulu ankatitonthoza kuti mlendo ndi mame. Ine ndakalamba ndikudikira dzuwa loumitsa mame amenewo.

Chimene chinkatidya n'chakuti chaka chinali pafupi kukwana. Mwini mudzi akamwalira, chaka chikatha mumapita pamanda ndi nthambi ya kankhande, mumamuitana, alowa m'nthambimo, n'kumutengera kunyumba kuti azikhala ndi ana ake ndi kuwayang'anira. Mukapanda kutero amangoyendayenda kuthengo ngati nyama yopanda khola. Ife tinali titasamuka, ndipo bambo sankaidziwa njira ya kukhwawa. Mapira a mowa anali ataviikidwa kale. Ng'ombe yofiira yoti iphedwe inali itasankhidwa.

Kuyambira tsiku limenelo amayi ankadzuka ndi mawu amodzimodzi.

"Abweranso."

"Anena chiyani, amayi?"

"Aima patali, sakuyandikira. Akuti akumva kuzizira. Akufunsa amene wawavula chofunda."

Ng'ombe yofiira ija inaleka kudya ndi zinzake. Inkaima m'mphepete mwa khwawa itayang'ana kuchitunda, osalira, kungoyang'ana. Phewa lamanja la Sikhotha linatupa. MaCele ankalithowa ndi madzi otentha uku akundiponyera maso.

"Inu alamu mumalankhula chifukwa mulibe mwana," anandiuza tsiku lina ndikudutsa. "Ulemu wa akufa sukhutitsa amoyo."

"Thowani bwino, alamu. Mawa kuli miyala ina. Kuseri kuja kuli manda a agogo, ikuluikulu."

"Pakamwa panu mpoola. N'chifukwa chake atsikana amakuthawani."

Sabata yachiwiri amayi anavala chikopa chawo chatsopano n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kwa mzungu. Tinatenga Knut, nkhalamba ina ya ku Norway komweko imene inagwirapo ntchito pasitima n'kukhalako kudoko la Thekwini, ndipo inkathyolathyola chinenero chathu. Aurdal tinamupeza akuzula chitsa. Anali wamtali wowonda, ndevu zili kunsi kwa chibwano kokha, manja ong'alukang'aluka. Ntchito ankaigwira, zimenezo sindimubisira. Mkazi wake Gurine anatuluka m'kanyumba kozungulira kamene boma linawamangira, kodontha kuposa kathu. Sikhotha anali chapatali ndi nkhwangwa, ndipo sanadzutse mutu.

"Muuzeni kuti miyala iyo yachoka pamanda a mwamuna wanga," anatero amayi.

Knut anamasulira. Aurdal anayang'ana munda, anayang'ana amayi, kenako analankhula nthawi yaitali.

"Akuti manda ali pati? Sanaone mtanda. Sanaone mpanda. Anaona khola, ndowe ndi mulu wa miyala."

"Mwini mudzi amagona pakhola pake. Akagone kuti kwina?"

Knut anakanda ndevu.

"Mayi, kwathu munthu amagona kutchalitchi. M'khola mumagona ng'ombe. Akuti palibe munthu padziko amene angaike bambo wake mu ndowe. Akuti mwina mukungofuna munda."

"Nanga miyala inamulakwira chiyani?"

"Iyo ndiye musamudabwe. Kwathu nthaka imabereka miyala chaka ndi chaka. Agogo ake anatola, bambo ake anatola, iye watola chiyambire kuyenda. Wosiya mwala m'munda timamutcha waulesi. Akuti ataona mulu uja anayesa munamuyambira ntchito, mpaka anakuyamikani mumtima."

Amayi anayang'ana khoma lija.

"Miyalayo akhale nayo. Tikupempha kulowa kamodzi kokha, titenge munthu wathu."

"Kufukula?"

"Ayi. Ndi nthambi."

Knut anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya amayi analeka. Atamasulira, Aurdal anaponya khasu pansi.

"Akuti zachikunja m'munda mwake ayi. Mbewu ili pansiyo ndi yokhayo, ilibe inzake. Ikafa, ana ake afa. Phazi la munthu lisapondemo mpaka akolole."

"Akadzakolola chaka chidzakhala chitapita."

Aurdal anayankha mawu ochepa n'kutola khasu lake.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti wakufa safulumira."

Tikuchoka, Gurine anatithamangira n'kupatsa amayi mkate wopyapyala wouma ngati chikopa. Ankalankhula mofewa, maso ali ofiira. Sindikudziwa chimene ankanena, ndipo Knut anali atapita. Amayi analandira ndi manja awiri, chifukwa anali munthu waulemu, n'kukausiya pamwamba pa khoma lija.

Mvula inagwa, chimanga chinamera. Amayi anasiya kunena kuti bambo abwera, anayamba kunena kuti bambo sakuchoka. Ankati akapita kukatunga madzi amawaona chapamwamba atakhala pansi, atakumbatira mawondo. Kamwana ka Sikhotha kanayamba kutsokomola. Pamenepo mpamene iye anabwera yekha n'kukhala pansi pakhomo pa amayi, chipewa chili m'manja.

"Lamulungu mzungu uja sagwira ntchito," anatero. "Ngakhale nkhuni sawaza. Onse amapita kukaimba kwa mbusa wawo kutsidya la chigwa. Munda umakhala wokha."

"Ndiye wayamba kuganiza tsopano chifukwa chifuwa chalowa m'nyumba mwako."

"Mvula ikakuona litsiro sikata, amayi. Nenani zonse, ndamva. Koma nthambi ndinyamule ndine, ndine wamkulu."

"Manja amene anawavula sangawanyamule. Adzakana kulowa. Anyamula Ndabeni."

Sikhotha anapotokola chipewa.

"Chabwino. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndidzaima pakhoma. Akatulukira ndidzamuimitsa, ndidzamufotokozera mmene ndingathere. Ndikulumbira pa bambo."

"Pa bambo musalumbire, achimwene," ndinatero. "Simukudziwa pamene ali."

Mowa unapsa Loweruka. Lamulungu m'mawa ndinakadula nthambi ya kankhande yotalika ngati mkono, ya minga yake iwiriiwiri, wina woloza kutsogolo, wina wokowa kumbuyo. Amayi anandigwira dzanja.

"Ukangowaitana, pakamwa pako ndi pa iwo okha. Usayankhe munthu. Usacheuke. Nthambi isachoke m'dzanja lako mpaka pakhomo pano. Uziwauza njira, maso awo anali atayamba kale kuchita mdima."

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi makutu. Ndikufuna umve ndi msana."

Tinadikira mpaka nyimbo zawo zinayamba kumveka kutsidya, nyimbo zokoka ngati za maliro. Ine ndi Sikhotha tinakwera. Iye anaima pakhoma, ine ndinalumpha.

Ndinkaopa kuti sindipapeza. Mtengo wa mkuyu umene tinkaonerapo anali atadula, chitsa chake chikufuka utsi kuyambira Lachisanu. Koma khola linadziulula lokha. Pamene ng'ombe zathu zinkagona zaka zonsezo, chimanga chinali chitatalika kuposa chinzake, chobiriwira mpaka kuda, chozungulira ngati mphete. Ndinayenda m'mphepete mwa mpheteyo mpaka kumtunda kwake, ndikusamala kuti ndisaponde mbewu. Pamenepo dothi linali litatitimira pang'ono. Ndinagwada n'kugoneka nthambi pansi, dzanja lili pomwepo.

"Bambo, ndine Ndabeni. Mavundla, dzukani. Takuchedwetsani, tikhululukireni. Kwanu sikulinso kuno. Ana anu ali kukhwawa, ng'ombe zanu zili komweko. Lowani tizipita."

Anthu a sukulu anene zimene akufuna, nanenso ndinakhalako pabenchi. Ndikudziwa chimene ndinamva. Nthambi imene ndinabwera nayo ndi zala ziwiri inalemera ngati mwana wakhanda. Mphepo inaleka, ndipo ndinamva fungo la fodya wawo wa m'mphuno.

Ndinanyamuka pang'onopang'ono.

"Apa pali mzere, bambo, kwezani phazi. Izi ndi mbewu za eni ake, tisaponde. Kutsogoloku kuli khoma, musadabwe nalo."

Tinali pakati pa munda pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga. Anthu aja ali ndi chizolowezi. Akachoka kopemphera mwamuna salowa m'nyumba, amayamba wazungulira munda wake, manja ali kumbuyo, kuona mmene mbewu yakulira. Sikhotha anadzanena kuti sankadziwa. Munthu wogwira ntchito pamenepo masabata onsewo. Sindinamukhulupirire, ndipo mpaka lero sindimukhulupirira.

Aurdal anakuwa kachiwiri. Sindinacheuke.

"Musaope, bambo. Ndi mlendo uja. Tiyeni."

Ndinamva nsapato zikubwera. Iye anadzaima kutsogolo kwanga, atavala jekete lakuda la kutchalitchi, buku lili m'khwapa. Analoza nthambi, analoza chimanga, analankhula mofulumira malovu akuthovoka. Ndinayang'ana pansi n'kumulambalala. Anandigwira paphewa.

"Sikota!" anaitana. Dzina la mkulu wanga linkamukanika.

Sikhotha anabwera, osati kuthamanga. Anavula chipewa. Mzungu ankamufunsa ndi manja, ichi n'chiyani, uyu bwanji sakuyankha. Mkulu wanga ankadziwa mawu awo angapo. Ankadziwa la ng'ombe, la madzi, la mwala. Ankadziwanso la bambo, chifukwa ndinamumvapo akuphunzitsa kamwana kake moseka. Ndinamuyang'ana m'maso. Milomo yake inagwedezeka, koma chimene chinatuluka chinali cha kwa ine.

"Ndabeni, mupepese. Mawu amodzi okha. Tidzabweranso tsiku lina."

Ankadziwa kuti sindingathe.

"Bambo, uyu ndi mwana wanu wamkulu," ndinatero chapansipansi. "Musamumvere. Gwiritsitsani."

Aurdal ataona kuti ndikulankhula ndi nthambi, nkhope yake inayera ngati phulusa. Ndikuganiza kuti anayesa ndikulodza munda. Anagwetsa buku n'kugwira nthambi ndi manja onse awiri. Ndinakoka, iye anakoka. Minga inamung'amba zikhatho, inang'ambanso zanga, magazi athu anasakanikirana pamtengo. Sindinatulutse mawu. Anali wamphamvu kuposa mmene ankaonekera, munthu wokulira m'miyala. Nthambi inathyoka. Chimene chinatsala m'dzanja langa chinali kachidutswa kosakwana chala, ndipo kanali kopepuka.

Anapita nayo pachitsa cha mkuyu chofuka chija n'kuikankhira m'makala ndi nsapato. Kankhande wamuwisi amachedwa kuyaka. Anathetheka nthawi yaitali tonse atatu tikuyang'ana. Kenako Aurdal anatola buku lake, analipukuta dothi ndi mkono wa jekete, n'kundilozera kukhoma.

Amayi anatiwona tikutsika opanda kanthu. Anali atayala mphasa yatsopano pakhomo. Anthu oitanidwa anali atakhala kale pafupi ndi mitsuko ya mowa, ndipo wina anali akunola mkondo wophera ng'ombe.

"Ali kuti?"

"Analowa, amayi. Ndinawanyamula mpaka pakati pa munda."

"Ndiye?"

Ndinawaonetsa manja anga ndi kachidutswa kaja.

"Unalankhula?"

"Ayi."

"Unacheuka?"

"Ayi."

Anatembenukira kwa Sikhotha.

"Nanga iwe unalankhula?"

Iye anayang'ana pansi.

"Onse awiri sanalankhule," amayi anauza anthu aja. "Ndinabereka ana omvera."

Anapinda mphasa ija okha. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osatsanzika. Mkulu wina wa kwa Xolo, mlongo wawo wa amayi, anatsala pang'ono n'kunena zimene tonse tinkazidziwa. Munthu akakhala m'manda mumadziwa pokamutenga. Koma bambo tinali titawadzutsa kale. M'manda anatulukamo, kunyumba sanafike. Anagwera pakati pa mizere, ndipo kuti muwatolenso muyenera kukagwada pamalo omwewo ndi nthambi ina, mwini munda atalola, ndi mbuzi yopepesera.

Mowa unasasa, tinakautaya kumtsinje. Ng'ombe yofiira sitinaiphe.

Sabata isanathe kunabwera mzungu wa boma pahatchi ndi apolisi awiri a mtundu wathu womwe. Anati Aurdal wadandaula kuti tapondereza mbewu zake, tachita zamatsenga m'munda mwake ndi kumuvulaza manja. Anati aliyense wosamugwirira ntchito achoke m'malire ake mwezi usanaoneke. Ndinayesa Chingerezi changa chochepa. Ndinati manda, ndinati bambo. Mzunguyo anafunsa apolisi ngati aona manda. Iwo anakwera, anayang'ana chimanga, n'kubwerera kudzanena kuti sanaone.

Tsiku losamuka amayi sanalire. Anamanga mitsuko ndi mphasa, anasenza mphero yawo yaing'ono. Zipanda za chambiko anatenga zonse. MaCele anaima pakhomo pake mwana ali kumsana, ndipo tsiku limenelo sanandinyoze. Sikhotha anatiperekeza mpaka podutsira mtsinje, akukusa ng'ombe ndi dzanja lamanzere chifukwa phewa linali lisanaphwe.

"Amayi, wina ayenera kutsala," anatero. "Ndikakhala pafupi ndi mzungu mwina mtima wake udzafewa. Akakolola ndidzamupempha."

Amayi analowa m'madzi. Sikhotha anatembenukira kwa ine.

"Mphwanga, iwe ukumvetsa. Ndikhala nawo pafupi. Ndiziwayang'anira."

"Muziwapalira, achimwene."

Ndinawoloka. Ng'ombe yofiira inakana kulowa m'madzi mpaka tinaimanga chingwe m'nyanga n'kuikoka anthu atatu.

Aurdal anakolola, ndipo chimanga cha pakhola paja chinachita bwino kwambiri. Ngati Sikhotha anapempha, ine sindinamve. Amayi anamwalira kudera la boma kumene anatitaya, akufunsabe ngati mzungu walola. Ine ndinapitako ndekha Aurdal ali moyo, anandithamangitsa ndi agalu. Ndinapitanso iye atamwalira, ndili ndi mbuzi pachingwe. Mwana wake, amene amalankhula chinenero chathu ngati ine ndemwe, anandimvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza, n'kundiuza kuti pamalo pawo sipanakhalepo manda chiyambire.

Mundawo tsopano anadzalamo nzimbe. Bambo akadali momwemo.